Mmene Fireball imapwetekera mu Dungeons & Dragons

Dungeons & Dragons ndi masewera a nthano oseweredwa ndi madayisi. M'malamulo ake a mu 2014, woponya Fireball (matsenga ophulitsa moto) amayamba wasankha malo amodzi omwe asapitirire mapazi 150 kuchokera pomwe waima. Moto umaphulika pamenepo n'kufalikira mapazi 20 mbali zonse. Pa mapu a timabokosi, kabokosi kamodzi ndi mapazi 5, choncho werengani timabokosi 4 kuchokera pakati.

Aliyense amene ali m'katimo, kaya mdani kaya mnzanu, aponye d20 (dayisi ya mbali 20) n'kuwonjezerapo bonasi yake ya Dexterity (changu cha thupi) kuti ayese kuzinda motowo. Akafika pa nambala yofunika kuifikira, yomwe imatengera luso la woponya Fireball uja, kapena kuposa, amapwetekeka theka lokha. Akalephera, zonse zimamugwera.

Madayisi 8 a mbali 6 aponyedwe kamodzi kokha, ndipo zotsatira zake zikhudze onse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amaponyera munthu aliyense payekha n'kuchedwetsa masewera. Kawirikawiri zimakwana pafupifupi 28. Theka likakhala ndi kachidutswa, tsitsani: theka la 27 ndi 13.

Kubisala pangodya ya khoma sikuthandiza, chifukwa motowu umakhota. Umayatsanso zinthu zosachedwa kupsa zomwe palibe wavala kapena kunyamula, ndiye samalani m'nyumba yamatabwa. Chilombo chopirira moto chimachotseredwanso theka lina.