Chipolopolo chapakati: pa chandamale n'chabwino, koma ngoma musaiyese nacho

Anyamata athu amene amagwira ntchito m'mafamu a nyama zakutchire ku Limpopo ku South Africa, ngakhalenso eni mfuti za chilolezo kuno kwathu ndi cha ku Chipata, amakonda kundifunsa funso limodzi: kodi mfuti ya .223 kapena ya 7.62x39 ingagwire ntchito zonse ziwiri, kusaka ndi kuphunzirira kuwombera chandamale? Amafunsa chifukwa zipolopolo zake n'zotsikirako mtengo, komanso mfuti zake sizimenya phewa. Ine ndimawayankha kuti pa chandamale gulani, musakayike. Koma pa ulenje pali malire, ndipo malirewo ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira.

Chimene timangochitchula kuti chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba, kapu yoyatsira moto kumbuyo kwake, onga m'kati, ndi mutu kutsogolo. Mutuwo ndiwo umatuluka mu mpope n'kukalasa. Chipolopolo chapakati ndi chimene mphamvu zake zimaposa cha pisitolo koma sizifika pa zipolopolo zikuluzikulu monga .303 ija ankanyamula agogo athu a King's African Rifles. Anayamba nacho ndi Ajeremani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi 7.92x33 yawo, ataona kuti asilikali amawomberana kwambiri pa mtunda wosapitirira mamita 300. A ku Soviet Union anapanga 7.62x39 mu 1943, chimene chinadzalowa m'mfuti za SKS ndi AK-47. Ku America kunabwera .223 Remington, ndipo m'bale wake wa usilikali, 5.56x45, anavomerezedwa ndi NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko a ku Ulaya ndi ku America, mu 1980. Onsewa ankafuna kuti msilikali anyamule zipolopolo zambiri ndiponso awombere mofulumira mfuti osadumpha m'manja. Zogwetsa nyama yaikulu ndi chipolopolo chimodzi sizinali m'mutu mwawo.

Mphamvu ya chipolopolo pochoka kukamwa kwa mfuti amaiyeza mu ma joule. Mutu wa .223 wolemera magalamu 3.6 umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 990 pa sekondi, mphamvu yake n'kukhala cha m'ma 1,750. Wa 7.62x39 ndi wolemerako, magalamu 8, koma umayenda pang'onopang'ono, cha m'ma mamita 715 pa sekondi, ndipo umapereka ma joule opitirira pang'ono 2,000. Tsono yerekezani ndi .308 Winchester, imene alenje ambiri ku South Africa amaidalira: ma joule pafupifupi 3,500. Ya njati ndi njovu ija, .375 H&H, imapitirira 5,500.

Manambalawa amamveka bwino mukawaika pambali pa lamulo la ku Zimbabwe, limene linagawa nyama m'magulu anayi. Njovu, njati ndi mvuu zimafuna mutu wosachepera mamilimita 9.2 kunenepa kwake ndi ma joule 5,300. Mkango ndi ntchefu zimafuna mamilimita 7 ndi ma joule 4,300. Ngoma, mbidzi, nyumbu, mphalapala ndi nyalugwe zimafuna mamilimita 7 ndi ma joule 3,000. Gulu lotsiriza, la nswala, njiri, gwape ndi nkhandwe, limangofuna mamilimita 5.6 ndi ma joule 850. Ndiye onani: .223 ndi 7.62x39 zonse zimathera m'gulu lotsirizali. Anthu amanyengeka ndi nambala ya 7.62, poganiza kuti popeza ikufanana ndi ya .308 ndiye kuti mphamvu n'zimodzimodzi. Kunenepa kwa mutu kukukwanadi, koma chigoba ndi chachifupi, onga ndi wochepa, ndipo pa ma joule 3,000 a ngoma aja chikuperewera ndi pafupifupi 1,000 yathunthu.

Pali amene amanditsutsa kuti opha nyama mozembera agwetsa njovu zambiri ndi AK-47. N'zoona, ndipo n'zimene zimandipweteka mtima. Amaikhuthulira zipolopolo makumi angapo, ina imagwa pomwepo, ina imathawa ndi mabala n'kukafa patapita masiku itawola m'mimba. Umenewo si ulenje, ndipo munthu wa chilolezo asatengerepo phunziro.

Tsiku lina pa famu ina ya m'tchire la minga ndinatsata ngoma yamphongo imene mlendo anailasa ndi .223 cha m'ma 7 koloko m'mawa. Iye ankalumbira kuti walasa paphewa penipeni, ndipo sankanama. Pamalo pamene inaima tinapeza ubweya pang'ono ndi timadontho titatu ta magazi pa tsamba la tsanya. Tinayenda mamita 200 osaonanso dontho. Wotsata mapazi, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ankangoloza ndi kamtengo pamene chiboda chakumanzere chinkakhwekhwereza dothi. Tinaipeza dzuwa litapendeka, itagona pansi pa chitsamba, maso ali tong'o, ikupuma movutika, ntchentche zili ng'waa pabala. Posenda tinaona kuti mutu wa chipolopolo unaphwanyikira pa fupa la phewa, tizidutswa tating'ono tokha n'timene tinafika ku phapo limodzi. Ngoma yamphongo imalemera makilogalamu 200 kapena kuposa. Kamutu ka magalamu osakwana anayi, kothamanga chotero, kakakumana ndi fupa lochindikala kamamwazika kasanafike pamtima. Nyamayo inavutika maola asanu ndi atatu chifukwa cha chida chosayenera, osati chifukwa cha diso la wowombera.

Nanga n'ziti zimene mungasake nacho mtima uli m'malo? Gwape, amene sapitirira makilogalamu 25, ndi nkhandwe yovutitsa ana a nkhosa, .223 imazikwanira bwino lomwe. Nswala ndi mbawala n'zotheka, koma mwa njira imodzi yokha: nyama iime chopingasa, inu mukhale mutatsamiritsa mfuti pa ndodo kapena panthambi, mulase kuseri kwa mwendo wakutsogolo, gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pansi pa chifuwa, pamene pali mtima ndi mapapo. Ikaima chokupenyani kapena chokufulatirani, dikirani. Ikachoka, yachoka, mawa kulinso tsiku. Kulasa pamutu sindikulimbikitsa ngakhale pang'ono, chifukwa mutu sukhazikika, ndipo mukaphonya pang'ono mwathyola nsagwada, nyama ikafa ndi njala.

Pa njiri ndi nguluwe ndimasankha 7.62x39 kusiyana ndi .223, chifukwa mutu wake wolemera umalowa mozama ndipo susokonezeka msanga ndi chikopa cholimba. M'tchire lowirira, pamene nyama mumaiona pa mamita 50 kapena 80, chipolopolo chimenechi chimagwira ntchito yofananako ndi .30-30 Winchester ya alenje a ku America, ngakhale chili chofookerapo pang'ono. Koma nguluwe yovulala ndi yoopsa, imang'amba agalu ndi miyendo ya anthu, choncho ngati muli ndi .308 m'nyumba, tengani imeneyo.

Mtunda nawo uli ndi mawu ake. Mfuti ya 7.62x39 mukaikonza kuti izilasa pakati pa mamita 100, pofika mamita 200 mutu umakhala utatsika pafupifupi chikhatho chimodzi, ndipo pa mamita 300 watsika kupitirira theka la mita. Pa nyama musapitirire mamita 150. Ya .223 imayenda mowongoka, imatsika pafupifupi theka la pamenepo, koma nayonso mphepo imaikankha, makamaka mwera wa mu June ndi July.

Chimene ambiri amalakwitsa kwambiri ndi mtundu wa mutu. Zipolopolo zotsika mtengo zija, zobwera m'mabokosi a usilikali, mutu wake ndi wokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga. Umaboola ngati singano n'kutulukira mbali inayo, bala laling'ono, magazi osatuluka, nyama n'kuthawa. Posaka gwiritsani ntchito za nsonga yofewa, zimene mtovu umaonekera kumapeto. Zimenezi zikalowa m'thupi zimatambasuka ngati bowa, n'kupha msanga. Kwa .223 funani mutu wolemerako, wopangidwira nyama osati mbalame kapena akalulu, koma muyambe mwafunsa wogulitsa ngati mizere ya m'kati mwa mpope wanu ingauzungulitse mokwanira. Mipope yakale yambiri imazungulira kamodzi pa mainchesi 12, ndipo imangokwanitsa mitu yopepuka. Yolemera imafuna kamodzi pa mainchesi 8 kapena 9, apo ayi imakafika pa pepala chammbali.

Pa chandamale, apa ndiye kwawo kwa chipolopolo chapakati. Matenda aakulu a wowombera ndi kuphethira ndi kunjenjemera asanakoke, chifukwa thupi likuopa kumenyedwa. Munthu amene wayambira pa mfuti zamphamvu monga .30-06 kapena .375 matendawa amamugwira msanga ndipo sachoka wamba. Ndinaona mayi wina woyang'anira famu amene ankatseka maso nthawi iliyonse akamawombera mfuti ya amuna awo. Titawapatsa .223, zipolopolo zitatu zoyamba ankaphethirabe. Pofika chakhumi anali akuona okha fumbi likudzuka kuseri kwa pepala, ndipo mabowo asanu otsiriza anakwana pansi pa kapu ya tiyi. Mfuti yosamenya imakulolani kuwombera makumi anayi tsiku limodzi phewa lili bwinobwino, ndipo mpope wake sutha msanga. Ngati cholinga ndi kulasa pamodzimodzi, .223 imaposa 7.62x39, ndipo mfuti yokoka ndi dzanja monga CZ 527 kapena Howa 1500 imalasa bwino kuposa za usilikali. Phunzirani monga mmene mudzawomberere kutchire: choimirira ndi ndodo, chogwada, chokhala pansi, osati pa tebulo pokha.

Pamalo ophunzirira pakhale chulu kapena chimulu cha dothi lofewa kuseri kwa chandamale, osati miyala kapena madzi, pakuti mutu umanjanja n'kulowera kwina. Wa .223 ukaphonya n'kukwera m'mwamba umatha kuyenda makilomita opitirira atatu, ndipo kwathu kuno palibe makilomita atatu opanda mudzi, dimba kapena mwana woweta mbuzi. Tsekani makutu nthawi zonse. Kachipolopolo n'kakang'ono koma phokoso lake limawononga makutu, ndipo akawonongeka sabwerera.

Zipolopolo zakale za usilikali za 7.62x39 zambiri zili ndi kapu yosiya mchere mu mpope. Nyengo ya dzinja, mukagoneka mfuti osatsuka, m'mawa mupeza dzimbiri lofiira layamba kale. Mafuta okha sachotsa mcherewo. Thirani madzi otentha mu mpope tsiku lomwelo, pukutani mpaka kansalu katuluke koyera ndi kouma, kenaka pakani mafuta. Werenganinso zolembedwa pa mpope musanagule zipolopolo. 7.62x39, 7.62x51 ndi 7.62x54R ndi zinthu zitatu zosiyana zosalowerana. Mfuti yolembedwa 5.56 imalandira .223, koma yolembedwa .223 yokha musaiike 5.56 ya usilikali, chifukwa mphamvu ya moto m'chipinda chake imakwera kupitirira muyeso.

Zonsezi ndikulankhula ndi munthu amene ali ndi mapepala. AK-47 ndi mfuti ya nkhondo, munthu wamba sapatsidwa chilolezo chake, ndipo zimene zinatsalira m'malire pambuyo pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, n'zokapereka ku polisi. Chiphaso cha mfuti si chiphaso chosakira: choyamba chimachokera ku polisi, chachiwiri ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti muyambe mwapeza setifiketi yosonyeza kuti mfuti mumaidziwa musanapemphe chilolezo. Ku Malawi, chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu akhoza kukhala kundende zaka mpaka 30, ndipo m'malo ngati Liwonde, Majete kapena Lengwe simulowa munthu ndi mfuti yosakira, kaya ndi ya chipolopolo chanji.