Kuchotsa gutta-percha wakale m'muzu wa dzino

Dzino linatsekedwa kale m'muzu koma layambanso kupweteka kapena kuchita mafinya. Musanalitsekenso, gutta-percha wakale, mphira wotsekera ngalande za m'muzu, achoke motere.

Khalani ndi X-ray yatsopano, rubber dam (mphira wotchingira dzino ku malovu), ma Gates-Glidden (tizitsulo toboolera), ma file a Hedström ndi a K (tizitsulo topalira m'ngalande), mankhwala ofewetsa gutta-percha monga eucalyptol, mankhwala otsukira a sodium hypochlorite ndi EDTA, ma paper point (timapepala tosongoka toumitsira ngalande) ndi apex locator (makina oyezera kutalika kwa ngalande).

1. Onani pa X-ray pomwe gutta-percha walekezera, pomwe muzu wapindika, komanso ngati muli chitsulo chothyokera.
2. Bayani jakisoni wochititsa dzanzi, ikani rubber dam, tsegulani dzino mpaka kukamwa kwa ngalande iliyonse kuonekere.
3. Chigawo chakumtunda cha gutta-percha chotsani ndi Gates-Glidden kapena chitsulo chotentha. Pakhala kadzenje.
4. Donthezerani mankhwala ofewetsa m'kadzenjemo, dontho limodzi kapena awiri. Boolani njira ndi file ya K, kenako kokani ndi Hedström. Hedström musaizungulize mwamphamvu, imathyoka msanga.
5. Ambiri amalakwitsa pano, pafupi ndi nsonga ya muzu. Lekani mankhwala ofewetsa, chifukwa gutta-percha akasungunuka amamatirira m'makoma kapena kukankhikira kunja kwa muzu, wodwala n'kudzamva ululu. File ikakana kulowa musaikakamize, mungaboole khoma. Tengani yaing'ono, nambala 10 kapena 15, ipindeni pang'ono kunsonga mufufuze njira modekha.
6. Yezani kutalika kwa ngalande ndi apex locator.
7. Tsukani kawirikawiri ndi hypochlorite, kenako EDTA. Pitirizani mpaka file ndi paper point zizituluka zopanda zotsalira.
8. Jambulaninso X-ray musanatseke.