Tizidole ta Mabatire Timene Mukugulira Ana Mukagulitsa Soya

Chiyambireni kugulitsa soya ndi nshawa chaka chino, m'midzi imene ndimayendera ku Kasenengwa, Chipangali ndi Chadiza mwadzaza tigalimoto tolira saileni, tifoni tapulasitiki tobwereza nyimbo imodzimodzi ndi timfuti tothwanima. Bambo akalandira ndalama kwa ogula mbewu, asanabwerere kumudzi amayamba wapatukira ku Kapata kapena ku Down Shops, m'tauni ya Chipata, kukagulira mwana kanthu. Mtima wotero ndi wabwino ndithu. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mukusankha chidole potengera kulira ndi kuwala kwake, osachitembenuza n'komwe kuti muone kumimba kwake.

Kumimbako kuli kachitseko ka mabatire. Pa tizidole totchipa tambiri kachitsekoka kalibe sikuluwu, moti mwana wa zaka ziwiri amakatsegula ndi chikhadabo chokha, kapena kamadzitsegukira chidole chikagwa pansi. Mkatimo mumakhala timabatire tozungulira, taphwatalala ngati kandalama ka ngwee. Toopsa kwambiri ndi totakata monga tolembedwa CR2032, ta mamilimita 20, chifukwa timakakamira pammero. Mwana wokwawa chilichonse amaponya m'kamwa, izi sindikuyenera kuuza mayi aliyense.

Anthu amaganiza kuti vuto ndi kutsamwa basi, ndiye akaona mwana akupuma bwino amati zatha, katuluka kokha kuchimbudzi. Ayi. Batire likakakamira m'njira ya chakudya, malovu amachititsa kuti magetsi ake ayambe kuyenda, ndipo pamalopo pamapangika mankhwala owotcha a mtundu wa soda wopangira sopo. M'maola awiri okha mnofu ukhoza kupsa koopsa, ndipo nthawi zina umabooka mpaka kufika pamtsempha waukulu wa magazi. Batire limene lasiya kuliza chidole limakhala likadali ndi mphamvu yokwanira kuwotcha. Apa m'pamene chizolowezi chathu chotaya mabatire akutha kuseri kwa nyumba kapena kudzala, komwe ana amafukula tsiku ndi tsiku, chimanditopetsa. Talankhula za zimenezi pamisonkhano kangati kodi?

Mlimi wina wa ku Chadiza anandiyankha pamsonkhano wa kilabu kuti, "Alangizi, ife tinakula tikuphwanya mabatire a tochi n'kumapaka zakuda zija pa bolodi, kodi tinafa?" Anthu anaseka. Atatha kuseka, yekha anafotokoza kuti galimoto ya rimoti imene anagulira mdzukulu wake inathyoka gudumu sabata isanathe, mabatire anagula kawiri, ndipo pano mnyamatayo akuyendetsa ya mawaya imene anampangira mkulu wake. Ndinawauza kuti, "Agogo, batire la tochi simukanalimeza ngakhale mukanafuna. Kamene kali m'galimoto ya mdzukulu wanuyo kamalowa pakhosi mosavuta." Pobwerera kunyumba anati akakafufuza komwe kanagwera.

Nanga mwana amaphunzirapo chiyani pa chidole chotere? Amadina batani, chidole chimalira, iye n'kumangoyang'ana. Ntchito yonse yagwiridwa ndi batire. Tayerekezani ndi mnyamata wopinda waya kuti apange galimoto: ayenera kuyeza kuti magudumu afanane, aganize mmene chiwongolero chikhotetsere a kutsogolo, chikalakwika amasule ayambenso. Mtsikana wosewera chiyato akuwerenga miyala, maso ndi dzanja zikuyendera limodzi. Nsolo ndi masamu enieni. Pamasanje ana amagawana maudindo, amakangana, amagwirizana, ndipo Chichewa chawo chimakula. Zonsezi n'zimene aphunzitsi a kalasi ya ana aang'ono amafuna mwana abwere nazo. Koma ife timakalipira mwana woumba ng'ombe zadongo kuti akudetsa malaya, mawa lake n'kukamugulira foni yabodza kuti aneba aone kuti chaka chino takolola. Enanso mpaka lero amalanda mwana wamwamuna chidole chobereka kumbuyo ati asanduka mkazi, ngati kuti sadzakhala bambo wolera ana.

Za kupatsa khanda foni yeniyeni kuti likhale chete ndidzalemba tsiku lina. Pano ndingonena kuti malangizo a mu 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization amati mwana wa chaka chimodzi kapena kucheperapo asamaonere zinthu pafoni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Tsono mukafuna kugula, gulani mpira, buku la zithunzi, makirayoni, sileti ndi choko, kapena pemphani kalipentala akudulireni timatabwa totsala, akuluakulu bwino, awapale kuti asabaye. Mwana wosakwana zaka 3 musamupatse kanthu kalikonse kokwana m'kamwa mwake, kuphatikizapo mikanda, zitsekerero za mabotolo ndi zibaluni zophulika. Chidole cha batire chimene muli nacho kale, ngati kachitseko kake kalibe sikuluwu, chotsani mabatirewo lero ndipo musawasiye pofikira ana. Mukakayikira kuti mwana wameza batire, makamaka akayamba kutuluka dovu, kukana kudya, kutsokomola kapena kusanza, musamusanzitse, musamumwetse mafuta ophikira, musamumezetse nsima ati kuti katsike. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mutenge chidolecho, ndipo mukafika nenani msanga kuti ndi batire kuti amujambule X-ray.