Kuletsa maimelo otsatsa malonda a kampani ya intaneti

Maimelo a ma promotion aja mutha kuwaletsa nokha. Mufunika ka data pang'ono ndi imelo yomwe munalembetsera.

1. Tsegulani imodzi mwa maimelowo, tsikani pansi penipeni pa timalemba ting'onoting'ono, dinani Unsubscribe. Pa Gmail nthawi zina kamakhala pamwamba pafupi ndi dzina la wotumiza.

2. Tsamba likatseguka chotsani malonda okha. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa, amaletsa zonse kenako uthenga wa bilu sufika, mungoona intaneti yadulidwa. Likakufunsani password ya imelo kapena PIN ya mobile money tsekani msanga, amenewo ndi akuba.

3. Dinani Save.

4. Dikirani masiku angapo. Akapitiriza alembereni, akapanda kumva kadandauleni ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, konkuno ku Lusaka.