Momwe mungasankhire ma mod a Minecraft osalemetsa laputopu yanu

Achinyamata osewera Minecraft pa Dedza boma, ku Linthipe mpaka ku Ntcheu amakodwa pa msampha umodzimodzi. Amaonera vidiyo ya pa YouTube yoonetsa madzi onyezimira ndi mitambo yoyenda, n'kudawuniloda ma mod (timapulogalamu tosintha kapena kuwonjezera zinthu mu gemu) onse otchulidwa mmenemo, kenako gemu n'kukana kutseguka. Bandulo yapita, pa sikirini patsala mawu osamveka. Wojambula vidiyoyo ali ndi kompyuta yamphamvu, pomwe ambiri kuno tili ndi laputopu yakaunjika ya RAM ya 4GB kapena 8GB. Choncho musanafunse kuti mod yabwino ndi iti, yambani mwadziwa makina amene muli nawo.

1. Dziwani Minecraft imene muli nayo

Minecraft ilipo ya mitundu iwiri. Java Edition imayenda pa kompyuta basi, ndipo ndiyo imalandira ma mod enieni, omwe ndi mafayilo othera ndi .jar. Bedrock Edition ndi ya pa foni, pa Xbox, pa PlayStation komanso pa Windows, ndipo imalandira ma add-on othera ndi .mcaddon kapena .mcpack. Fayilo ya .jar simungaiike pa foni n'kuyembekeza kuti igwira ntchito mu Bedrock. Kuyambira mu 2022, mukagula Minecraft ya pa kompyuta mumapatsidwa mitundu yonse iwiri pamodzi, ndiye potsegula onetsetsani kuti mwasankha Java. Zambiri m'nkhani ino ndi za Java. Za pa foni zili kumapeto.

2. Yang'anani mphamvu ya laputopu

Pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, mulowe pa Performance. Lembani zinthu zitatu: kuchuluka kwa RAM, dzina la purosesa, ndi dzina la GPU, yomwe ndi mbali yojambula zithunzi.

Ngati RAM ndi 4GB, Windows yokha imadya pafupifupi theka. Gemu ipatseni 2GB, ndipo mukhale pa ma mod ochepetsa kulemera ndi zida ziwiri kapena zitatu zomangira. Ngati ndi 8GB, ipatseni 4GB, mutha kunyamula ma mod makumi angapo. Mu launcher (pulogalamu yotsegulira gemu) ya Mojang, kampani yopanga Minecraft, izi mumasintha pa Installations, Edit, More Options, pomwe palembedwa -Xmx2G. Ngati RAM yanu ndi 8GB, sinthani 2 akhale 4. Musaipatse RAM yonse poganiza kuti ithamanga kwambiri. Windows ikasowa pogwira imayamba kugwiritsa ntchito hadi disiki ngati RAM, ndipo kompyuta yonse imayamba kudzikoka.

GPU nayo ili ndi malire ake. Kuyambira pa version 1.17, Minecraft imafuna GPU yokwanitsa OpenGL (njira yojambulira zithunzi) 3.2 kapena kuposa. Laputopu zakale za Intel HD Graphics 3000 pa Windows zimalekezera pa 3.1, ndiye zimenezo zikhale pa 1.16.5 kapena pansi pake. 

3. Sankhani version imodzi ndi loader imodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezera, choncho tikhalitsapo.

Mod iliyonse imapangidwira version inayake ya gemu. Yopangidwira 1.20.1 siyenda pa 1.21.1, ndipo kawirikawiri siyenda ngakhale pa 1.20.4. Kuwonjezera apo, ma mod sadzilowetsa okha mu gemu. Pamafunika pulogalamu yowalowetsa, yotchedwa loader. Zodziwika ndi Forge, NeoForge, Fabric ndi Quilt. NeoForge inapatuka ku Forge mu 2023, ndipo ma mod akuluakulu ambiri a 1.21.1 anasamukira kumeneko. Mod ya Fabric mukaiponya mu Forge, mwina gemu ingoinyalanyaza, mwinanso ikana kutseguka.

Nanga musankhe iti? Kwa laputopu yofooka ndiponso kwa munthu amene cholinga chake ndi kumanga, Fabric ndiyo yabwino: ndi yopepuka, imatseguka msanga, ndipo zida zabwino zomangira zili kumeneko. Kumbukirani kuika Fabric API, chifukwa ma mod ambiri a Fabric amadalira imeneyo. Ngati mtima wanu uli pa makina, njanji ndi zigayo za mod ya Create, tengani Forge pa 1.20.1 kapena NeoForge pa 1.21.1. Musathamangire version yotuluka sabata yatha, chifukwa opanga ma mod amatenga nthawi kuti aifikire. Version yomwe yakhalitsa imakhala ndi ma mod ambiri okhwima.

Palinso Java yeniyeniyo, pulogalamu imene gemu imayendapo. Version 1.16.5 imafuna Java 8, kuyambira 1.18 mpaka 1.20.4 zimafuna Java 17, ndipo 1.20.5 ndi ma 1.21 zimafuna Java 21. Ma launcher monga Modrinth App, CurseForge ndi Prism Launcher amakuthandizani pa zimenezi, komanso amasunga gulu lililonse la ma mod mu foda yakeyake. Gwiritsani ntchito imodzi mwa zimenezi m'malo moponya mafayilo pamanja, makamaka ngati laputopu mumabwerekana ndi achimwene kapena achemwali anu amene amakonda ma mod ena.

4. Dawunilodani pamalo awiri okha

Modrinth ndi CurseForge. Pa tsamba la mod sefani ndi version komanso loader yanu, kenako werengani pomwe palembedwa Dependencies kuti muone ma mod ena amene ikuwadalira. Yang'ananinso tsiku limene inakonzedwa komaliza.

Masamba ena okopera ma mod a eni ake amadzaza mabatani abodza a Download, ndipo fayilo ikathera ndi .exe, imeneyo si mod, ifufuteni. Fayilo ya .jar nayo ndi pulogalamu yathunthu yotha kuchita chilichonse pa kompyuta yanu. Mu June 2023 vairasi yotchedwa Fractureiser inalowa m'ma mod ena pa CurseForge kudzera m'maakaunti obedwa, n'kumaba mapasiwedi a anthu. Ngati zinatheka pa tsamba lodalirika, ganizirani za fayilo yongozungulira m'magulu a WhatsApp. Kugawana pa fulashi kumapulumutsa bandulo ndithu, koma mmodzi wa inu akhale atadawuniloda yekha pa tsamba lenileni.

5. Yambani ndi ochepetsa kulemera

Ma mod oyamba kuika ndi amene samaoneka n'komwe. Sodium imasintha mmene gemu imajambulira zinthu, ndipo ndiyo imabweretsa kusintha kwakukulu pa kuthamanga. Opanga ake amaiyesa pa Intel ya m'badwo wa 6 kupita m'tsogolo, monga i5-6200U. Pa zakale kuposa apo ikhoza kuvuta. Lithium imapeputsa zowerengera za nyama, madzi ndi zina zoyenda m'dziko. FerriteCore imachepetsa RAM yodyedwa. Entity Culling imaletsa gemu kujambula zinthu zobisika kuseri kwa khoma. Onsewa ndi aang'ono, ma MB ochepa chabe.

OptiFine, mod ina yochepetsa kulemera, musaiphatikize ndi Sodium. Zonse ziwiri zimagwira malo amodzi mu gemu, ndipo sizigwirizana.

Mukaika, tsegulani dziko n'kudina F3. Kumtunda kumanzere muona nambala ya fps (zithunzi zimene gemu ikujambula pa sekondi), kumanja muona RAM imene ikudyedwa. Pa kumanga, fps 30 yokhazikika ndi yokwanira. Ikakhala pansi pa apo, tsitsani Render Distance (mtunda umene gemu imakuonetsani) ifike pa 6 kapena 8. Ma shader, omwe amayenda ndi mod ya Iris, ndiwo amabweretsa madzi onyezimira aja, koma pa GPU ya Intel HD amangotenthetsa laputopu. Kuzizira kwa Dedza mu June sikungaipulumutse ngati mwaikhazika pa bulangeti n'kutseka mabowo a fani.

6. Kenako zida zomangira

WorldEdit ndiyo khasu la womanga aliyense. Imafuna kuti m'dziko lanu mulole ma cheat, kutanthauza malamulo olembedwa mu chat ya gemu. Lembani //wand, mulandira nkhwangwa yamtengo. Dinani batani lakumanzere la mausi pa ngodya imodzi, lakumanja pa ngodya ina yopingasa nayo, ndiye kuti mwasankha dera. //walls mud_bricks imaimika makoma anayi a zidina, zomwe zili mu gemu kuyambira 1.19. //set bricks imadzaza dera lonse ndi njerwa zootcha. //stack 5 imabwereza chimene mwasankha kasanu kulowera komwe mwayang'ana, ndipo //undo imabweza mukalakwitsa. Chenjezo lake ndi kukula kwa dera. Mabuloko 100 m'litali, 100 m'lifupi ndi 100 m'mwamba ndi mabuloko 1,000,000, ndipo laputopu ya 4GB iuma kwa mphindi zingapo kapena idzitsekera. Gawani ntchito m'zigawo za mabuloko 30 kapena 40 mbali iliyonse.

Litematica ndi ya amene akufuna kumanga pamanja mu Survival, momwe zipangizo mumazifunafuna nokha. Imaonetsa chithunzi chooneka ngati mthunzi cha nyumba imene munasunga, n'kukuwerengerani zipangizo zofunika: njerwa zingati, matabwa angati. Popanda mod ina yotchedwa MaLiLib siitseguka. Onjezani Jade kuti muzidziwa dzina la buloko imene mwayang'ana, ndi JEI kapena EMI yoonetsa kapangidwe ka chinthu chilichonse. Tengani imodzi mwa ziwirizi.

7. Ma mod owonjezera zinthu abwere pomaliza, malinga ndi chimene mukumanga

Awa ndiwo olemera, ndiye aliyense alowe ndi chifukwa chake. Tiyerekeze kuti mukumanga msika wa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1. Mbatatesi ndi karoti zili kale mu gemu. Farmer's Delight imabweretsa kabichi, tomato, anyezi ndi mpunga, kuphatikizapo mabokosi odzaza ndi zimenezi, oti muwandandalike kutsogolo kwa mabenchi. Ya Fabric imatchedwa Farmer's Delight Refabricated. Madenga, mawindo, zitseko ndi milatho mupeza m'ma mod a Macaw's, omwe anagawidwa paokhapaokha kuti mutenge chimene mukufuna chokha. Denga la udzu limatheka ndi mabuloko a hay bale a mu gemu momwemo, osaonjezera kanthu. Ma mod atatu okha, msika waoneka.

Wofuna kumanga phiri la Dedza awerengere kaye. Kuyambira 1.18 dziko la Minecraft limayambira pa -64 kufika pa 320, ndipo nyanja ili pa 63. Kuchokera m'tauni, yomwe ili pa mamita pafupifupi 1,600, kufika pansonga pa mamita pafupifupi 2,200, pali mamita ngati 600. Buloko imodzi pa mita imodzi sizikwana. Tengani buloko imodzi pa mamita atatu, phiri likhale la mabuloko 200, ndipo liumbeni ndi burashi ya WorldEdit, monga //brush sphere stone 5.

Ma modpack akuluakulu okhala ndi ma mod mazana aiwaleni kaye. Amadya ma MB mazanamazana podawuniloda, ndipo ambiri amafuna RAM yoposa imene laputopu ya 8GB ingapereke bwinobwino.

8. Sungani dziko lanu musanasinthe kalikonse

Dziko lililonse ndi foda mkati mwa saves. Pa launcher ya Mojang dinani batani la Windows ndi R, mulembe %appdata%\.minecraft, muipeza pomwepo. Pa ma launcher ena muli batani lotsegula foda. Koperani foda ya dziko lanu pa fulashi musanaike, musanachotse, kapena musanakweze mod iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti mukachotsa mod yowonjezera mabuloko, mabuloko ake onse amasowa m'dzikomo. Chotsani Macaw's Roofs, mudzuka nyumba zonse zili zopanda denga. Dziko lotsegulidwa pa version yatsopano silibwereranso bwino pa yakale. Magetsi akazima gemu ili mkati mosunga, makamaka pa laputopu ya batire lakufa, fayilo ya level.dat ikhoza kuonongeka. M'foda momwemo mumakhala level.dat_old, koperani imeneyo, muitche level.dat, nthawi zambiri dziko limatsegukanso.

Ikani ma mod atatu kapena anayi pa nthawi, muyese m'dziko latsopano loyeserera kwa mphindi khumi, kenako muonjezere ena.

Gemu ikadzitsekera

Musafufute zonse. Tsegulani foda ya crash-reports kapena fayilo ya latest.log mu foda ya logs, muwerenge mizere yoyambirira. Mukaona mawu akuti requires kapena missing, pali mod yodaliridwa imene simunaike, ndipo dzina lake limalembedwa pomwepo. UnsupportedClassVersionError ikutanthauza kuti Java yanu ndi yakale. OutOfMemoryError ikutanthauza kuti RAM yachepa. Mawu akuti Mixin apply failed kawirikawiri amaloza ma mod awiri olimbirana malo amodzi, kapena mod ya version ina. Dzina likapanda kuoneka, chotsani theka la ma mod n'kutsegula. Ikatseguka, wolakwa ali mu theka lochotsedwalo. Gawaninso theka limenelo pakati. Pa ma mod 32, maulendo asanu akukwanirani kumugwira.

Posewera ndi anzanu pa hotspot imodzi kudzera pa Open to LAN, ma mod owonjezera mabuloko akhale ofanana pa laputopu zonse, mpaka nambala ya version. Sodium, Litematica ndi Iris zimagwira pa kompyuta ya mwini wake yekha, ndiye wina akhoza kukhala nazo wina ayi.

Kwa amene ali ndi foni yokha

Pa Bedrock, dinani fayilo ya .mcaddon, gemu iilowetsa yokha. Kenako mu zosintha za dziko yatsani mbali zonse ziwiri, Resource Packs ndi Behavior Packs. Mukayatsa imodzi, zinthu zimaoneka zamabanga akuda ndi apinki kapena sizioneka n'komwe. Gemu ikadzikweza yokha pa Play Store, ma add-on akale amatha kusiya kugwira, ndiye zimitsani kudzikweza kwa Minecraft ngati muli pakati pa ntchito yaikulu.

Ndalama yogulira Minecraft ikasowa, kuli Luanti, yomwe inkatchedwa Minetest mpaka mu 2024. Ndi yaulere, imayenda pa Android komanso pa laputopu zakale zimene Minecraft yatsopano imazikana, ndipo ma mod ake mumawatenga mkati mwa gemu momwemo pa ContentDB. Yambani ndi gemu za mu Luanti za VoxeLibre kapena Mineclonia, zomwe kaseweredwe kake n'kofanana ndi Minecraft, kenako muonjezere WorldEdit yake ya Luanti. Malamulo ake amasiyanako pang'ono: ngodya mumasankha polemba //1 ndi //2 mutaima pamalopo.