Kuphunzitsa za aptamer ndi timawaya, loko ndi sefa

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina kuno ku Mchinji. Tikamaliza mutu wa DNA, pamapezeka mwana wofunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga zimenezi zimachiritsa ndani?" Ndimamuyankha ndi aptamer. Aphunzitsi anzanga, ine ndimachita motere.

Pezani timawaya tofewa, mwana aliyense apinde kake mmene akufunira. Auzeni kuti aptamer ndi kachingwe kakafupi ka DNA kapena RNA komwe kamadzipinda n'kukakamira puloteni imodzi yokha. Mangirirani loko pa chingwe, akhale puloteni yodwalitsayo. Ana akolekepo timawaya tawo, inu mugwedeze. Tomwe tagwa muchotse. Totsalato kalasi yonse ipinde tofanana nato, mugwedezenso mwamphamvu kuposa poyamba. Imeneyi ndiye SELEX, njira yosankhira aptamer yomwe akatswiri awiri, Tuerk ndi Gold, anailongosola mu 1990. Mu labu amayamba ndi mitundu mathiriliyoni ambiri, ndipo kuchulukitsako amachita ndi PCR.

Musalekere pomwepa, chifukwa povuta penipeni ndi m'thupi. Tengani kawaya kopambanako mukadule ndi pulayazi ana akuona. M'magazi muli ma enzyme otchedwa nuclease omwe amadula RNA chimodzimodzi, n'chifukwa chake akatswiri amasintha shuga wa m'kachingweko kuti kalimbe. Kenako ponyani kawaya kena mu sefa ya mchenga. Kadutsa, monga impso zimatayira tinthu tating'ono mu mkodzo. Kamangirireni mpira wa mapepala, sikadutsanso. Mpirawo ndi PEG, molekyulu yaikulu yomwe akatswiri amamangirira pa aptamer kuti impso zisamutaye msanga. Koma nayenso ali ndi vuto lake: mu 2014 kafukufuku wa REG1, mankhwala a aptamer okhala ndi PEG oletsa magazi kuundana, anaimitsidwa chifukwa matupi a odwala ena anawakana moopsa.

Pomaliza lembani pa bolodi mayina awiri a mankhwala a aptamer: Macugen ndi Izervay. Macugen anavomerezedwa ku America mu 2004, kenako Lucentis, mankhwala ena omwe si aptamer, anamulanda msika. Izervay anavomerezedwa mu 2023. Onse awiri ndi a matenda a maso a okalamba, ndipo amabayidwa m'diso momwemo. Funsani ana chifukwa chake, ndipo musafulumire kuwayankhira. Wina adzakumbukira sefa ija: m'diso mankhwala ochepa amakwanira, ndipo safika msanga ku impso.

Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti aptamer amapangidwa ndi makina, ndipo kutentha sikumuwononga msanga ngati antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi omwe nawonso amagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala. Ana athu amadziwa chomwe chimachitikira za mu filiji magetsi akazima tsiku lonse mu Okutobala, ndiye mfundo imeneyi amaigwira msanga.