Kutsitsa ndi kubwezera injini ya Honda CG125 pakhomo

Honda CG125 idayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo njinga zamoto zambiri zochokera ku China zimene akabaza amayendetsa zidatengera injini yake. Zimene zalembedwa pano zikugwiranso ntchito pa njinga zoterozo. Choyamba kudziwa n'chakuti fulemu ya njinga imeneyi ilibe chitsulo chodutsa pansi pa injini. Injiniyo ndiyo imalumikiza mbali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, choncho mabawuti ake amanyamula katundu woposa kulemera kwa injini yokha. Ntchito yonse yagona pa mmene mwamasulira ndi kumangira mabawuti amenewa.

Konzani masipanala ndi masoketi a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 24, pulayala, sikuludiraiva, hamala yaing'ono, jeke ya galimoto, kathabwa, beseni ndi munthu wokuthandizani kunyamula. Gulirani tsiku lomwelo gasiketi yatsopano ya ekizozi ndi lita imodzi ya oyilo wa njinga yamoto. Dzulo lake tsukani injini, ndipo thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati awiri a ekizozi ndi pa mabawuti aatali a kumbuyo. Pa njinga yakale pamenepa ndi pamene anthu amathera tsiku.

Imikani njinga pa sitandi yapakati, pamalo athyathyathya ndi olimba. Sitandi yam'mbali musaidalire, chifukwa pa njinga zambiri zamtunduwu imamangidwa pamodzi ndi chitsulo chopondera mapazi, chimenenso chimamangidwa pansi pa injini ndipo chichotsedwa. Jambulani ndi foni mmene mawaya ndi makebulo adutsira musanakhudze kanthu.

Lizani injini mphindi zochepa kuti oyilo afunde, kenako muzimitse ndi kukhetsa oyiloyo. Kumanzere kwa injini chakumunsi kuli chotsekera cha sipanala ya 24, ndipo kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa ka waya. Onetsetsani mmene zatulukira, mutsuke kasefako ndi palafini. Mukapezamo tizitsulo tonyezimira, dziwani kuti m'kati muli chimene chikudyeka.

Masulani waya wa negetivi pa batire. Tsekani petulo, chotsani mpando, thanki ndi zotchingira zam'mbali. Injini ikazizira, chotsani ekizozi: manati awiri kumutu kwa injini, kenako bawuti ya kumbuyo. Nati ikakana, musaikakamize. Imangeni pang'ono, muibweze, muthire mafuta, mubwerezenso. Sitadi, bawuti yopanda mutu imene natiyo imamangidwapo, ikathyokera m'mutu wa aluminiyamu, ntchito ya pakhomo yathera pomwepo. Tizitsulo tiwiri togwira khosi la paipi timakonda kugwera mu fumbi, tisungeni.

Kabuleta siyofunika kuiphwasula. Imasuleni kuchokera ku injini, muimangirire pa fulemu ndi chingwe, kebulo yake ili pomwepo, ndipo tsekani bowo la injini ndi kansalu koyera. Zulani chipewa cha pulagi, kebulo ya kilatchi kumanja, kapaipi kopumira injini, ndi mawaya ochokera ku magineto ndi ku nyali ya nyutulo. Gwirani pa cholumikizira, osakoka waya. Ngati njinga ili ndi sitata, masulaninso waya wake wonenepa ndi waya wa ethi.

Chopondera magiya ndi kiki zimagwidwa ndi bawuti yopanitsa. Bawutiyo iyenera kutuluka yonse, chifukwa imakhala mu kamzere ka pa shafiti, kungoifewetsa sikokwanira. Ikani chizindikiro cha penti kuti mudzabwezere pa mano omwewo. Chotsani chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo, ndipo wina akuponda buleki ya kumbuyo, masulani mabawuti awiri a kambale kogwira sipuloketiyo tcheni chisanachoke. Mukayamba mwachotsa tcheni, sipuloketi imangozungulira. Fewetsani tayala la kumbuyo, mulikankhire kutsogolo, sipuloketi ituluke ndi tcheni chake.

Tsopano chotsani chitsulo chopondera mapazi, muike jeke pansi pa injini, kathabwa kali pakati. Jeke ingokhudza, isanyamule njinga. Fewetsani manati onse omangira injini ku fulemu, a pamwamba pa mutu, a kutsogolo ndi a kumbuyo, musanatulutse bawuti ngakhale imodzi. Kenako tulutsani za pamwamba, za kutsogolo ndi timbale take, ya kumbuyo yam'munsi, n'kumalizira ya kumbuyo yam'mwamba mnzanu atagwira injini. Bawuti ikalimba ndiye kuti injini yaitsamira. Kwezani kapena tsitsani jeke pang'ono mpaka iyende ndi zala. Mukafuna kuimenya, bwezerani nati kunsonga kuti mazinga asaphwanyike. Tsitsani jeke pang'onopang'ono, muyang'ane ngati palibe waya wotsala, ndipo munyamule awiri. Injiniyi imapitirira makilogalamu 20, ndipo zipsepse zake zoziziritsira zimathyoka ikagwa.

Bawuti iliyonse ibwerere m'bowo lake pa fulemu kapena pa kambale kake, ndi washer yake. Zina zimasiyana utali pang'ono chabe, ndipo bawuti yaitali ikalowa m'bowo lalifupi la pansi pa injini imang'amba aluminiyamu. Fulemu ili poyera chonchi, yang'anani ming'alu pafupi ndi mabowo onse. Bowo limene lasanduka lotambalala likusonyeza kuti njinga idayenda nthawi yaitali injini ili yogwedera, ndipo n'chimene chimachititsa kunjenjemera kumene ena amanamizira pisitoni.

Pobwezera, kwezani injini ndi jeke, mulowetse bawuti ya kumbuyo yam'mwamba poyamba kuti ikhale ngati chopachikira. Sikuludiraiva yonenepa imathandiza kulunjikitsa mabowo. Lowetsani mabawuti ena onse, manati muwayambe ndi zala, ndipo musamange iliyonse mpaka yomaliza italowa. Mukamanga imodzi msanga, bowo lomaliza limaphonya ndi mamilimita awiri kapena atatu, ndipo kulikakamiza ndi hamala kumasiya fulemu ili yokokeka. Yambani kumanga kumbuyo, kenako kutsogolo, pamwamba pomaliza. Ngati muli ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira mu Nm, mabawuti onenepa mamilimita 8 (osati saizi ya sipanala) amafuna pafupifupi 27 Nm, a mamilimita 10 pafupifupi 40 Nm, ang'onoang'ono a mamilimita 6 asapitirire 12 Nm.

Ekizozi ilowe ndi gasiketi yatsopano, yakaleyo mutaizula m'bowo; kawirikawiri imabisala mu mwaye. Mangani manati ake mosinthanasinthana, bawuti ya kumbuyo pambuyo. Ngati mudamasula cholumikizira tcheni, kapini kake kaloze mbali yotsekeka kumene tcheni chikupita. Tcheni chizisewera pafupifupi masentimita 2 pakati, ndipo zizindikiro za mbali zonse ziwiri za tayala zifanane. Poti tayala lasuntha, konzaninso buleki ya kumbuyo. Chogwirira kilatchi chikhale ndi mpata wa sentimita 1 mpaka 2 kunsonga chisanayambe kukoka.

Thirani oyilo pang'onopang'ono, njinga itaima chilili, ndipo poyeza ingogonekani choyezera pakamwa osachipota. Chotsani pulagi, mupondeko kiki kangapo kuti oyilo akwere, kenako bwezerani pulagi ndi waya wa negetivi. Injini ikakana kulira, yambani ndi zolumikizira za magineto ndi waya wa ethi musanaganize za kabuleta. Ikalira koma mothamanga yokha, mpweya ukulowa pamene kabuleta yakumana ndi injini, kapena kebulo ya moto yapanikizika pansi pa thanki. Pindani chiwongolero mbali zonse ziwiri: liwu la injini lisasinthe. Mukayenda ulendo woyamba waufupi, dikirani izizire, mupitenso ndi sipanala pa mabawuti onse a injini ndi manati a ekizozi.